Kusankha galimoto ya banja yokoka thirela ndi kupita nayo kokagona m'matenti

Ambiri mu Mzuzu muno akafuna kugula galimoto amayamba ndi mtengo, kenako amafunsa kamwedwe ka mafuta, n'kumalizira ndi maonekedwe. Pa galimoto yongochokera ku Katoto kupita ku ntchito ndi kukatula ana kusukulu, mafunso amenewa ndi okwanira. Koma ngati mukufuna kumakoleka thirela kumbuyo, kulongedza matenti ndi mapoto n'kukagona ndi banja ku Chintheche, ku Vwaza kapena pamwamba pa Nyika, funso loyamba ndi lina. Katundu yense akakwera adzalemera bwanji, ndipo galimotoyo idzatha kumugwira pamtsetse? Mzinda wathu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo malo okongola onse otizungulira timawafika potsika phiri kapena pokwera phiri. Galimoto imene ingakoke thirela bwinobwino pakati pa Lilongwe ndi Kasungu ikhoza kupsa mabuleki kuno isanafike n'komwe ku Nkhata Bay.

Yambani ndi misewu

Khalani pansi ndi akunyumba kwanu mulembe malo amene mudzapitekodi m'zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, osati amene mumangowasirira pa Facebook. Malo a kuno kumpoto ali m'magulu awiri, ndipo gulu lililonse lili ndi galimoto yake.

Gulu loyamba ndi la phula. Msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay sukwana makilomita 50, koma m'kamtunda kameneka mumatsika mamita oposa 700, poti nyanja ili pa mamita pafupifupi 475. Mukapitirira kulowera ku Chintheche ndi ku Kande, chovuta chimakhala mchenga wa panjira zopatukira kugombe. Wopita ku Chitimba kapena ku Karonga amatsika pa Chiweta, ndipo palibe wa kuno amene sanamvepo za ngozi za pamenepo. Wolowera kummwera amakumana ndi nkhungu ya ku Chikangawa. Misewu yonseyi sifuna galimoto yayitali kwambiri. Imafuna mabuleki abwino ndi injini yosatentha msanga.

Gulu lachiwiri ndi la fumbi ndi matope. Kupita ku Kazuni m'nkhalango ya Vwaza mumadzera ku Rumphi. Kupita ku Chelinda mumadzeranso ku Rumphi, n'kudutsa Bolero ndi chipata cha Thazima, ndipo kuchoka pa Rumphi mpaka ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ambiri mwa iwo opanda phula. Njira ya ku Usisya nayo ndi ya zitunda zothyola msana. Mvula ikayamba mu Disembala, dothi lofiira la kuno limaterera moti galimoto yopanda 4x4, ili ndi thirela kumbuyo, imangozungulira matayala pamalo amodzi.

Pali msewu umodzi umene ndikukuuziranitu kuti musapiteko ndi thirela, kaya galimoto ndi yamphamvu chotani: Gorodi, wokwera ku Livingstonia kuchokera pa Chitimba. Uli ndi makona akuthwa pafupifupi 20, ena ofuna kubwerera m'mbuyo kaye kuti mukhote, kumbali kuli chigwembe. Ngati mtima uli pa mathithi a Manchewe, dzerani njira ya ku Njakwa, kapena siyani thirela kunyanja mukwere ndi galimoto yokha.

Pepala lanu likadzaza ndi malo a gulu loyamba okha, mwapulumutsa ndalama zambiri, chifukwa simukufunika chigalimoto chachikulu. Ngati ku Nyika mudzapita kamodzi pa zaka zingapo, n'kwanzeru kubwereka kapena kuchita hayala galimoto ya ulendo umenewo kusiyana ndi kumadyetsa mafuta Prado chaka chonse pamsewu wa ku Luwinga.

Kenako yezani katundu

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, ndiye tikhalapo pang'ono. Thirela yaing'ono ya tayala limodzi mbali iliyonse, yopanda kanthu, imalemera makilogalamu 200 mpaka 300, ndipo yowotcheredwa ndi amisiri a m'tauni muno kawirikawiri imaposa pamenepo chifukwa amagwiritsa ntchito zitsulo zochindikala. Musakhulupirire zongoyerekeza ndi maso. Ipititseni pa sikelo ya magalimoto, ngati zimene zimapezeka kwa ogula mbewu zambiri kapena ogulitsa matabwa, mupemphe akuyezereni.

Tsopano tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi likupita kwa masiku atatu. Thirela ndi makilogalamu 250. Matenti awiri, 40. Matiresi ndi mabulangete, 30, ndipo ku Nyika mu Juni ndi Julaye, komwe m'mawa udzu umachita kuuma ndi chisanu, mabulangete amachuluka. Madzi malita 80 ndi makilogalamu 80, chifukwa lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Makala kapena botolo la gasi ndi mbaula, 30. Bokosi la ayezi lodzaza nyama ndi zakumwa, 40. Ufa, mpunga, mapoto ndi mbale, 40. Mipando, tebulo ndi sipeya ya thirela, 50. Mwafika kale pa 560.

Nambala imeneyo ndi ya popita. Ife sitibwerera chimanjamanja. Ku Karonga mugula mpunga wa Kilombero, ku Nkhata Bay nthochi ndi usipa, ndipo mukadutsa kumudzi agogo sangakulekeni osanyamula chimanga. Matumba asanu a makilogalamu 50 ndi 250 ina, ndipo thirela yomwe inali 560 yadutsa 750 ngakhale madzi ena mwamwa. Nambala ya 750 muigwire pamtima, chifukwa ndiwo malire amene opanga magalimoto ambiri amaika pa thirela yopanda mabuleki akeake, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono malirewo amatsika kufika 500 kapena 600. Kupitirira apo, thirela iyenera kukhala ndi mabuleki. Nambala yoti muziyenda nayo kwa ogulitsa magalimoto ndi ya pobwererayi.

Werengani manambala a galimotoyo

Galimoto iliyonse ili ndi manambala amene wogulitsa sakonda kuwatchula, mwina chifukwa nayenso sawadziwa. Yoyamba ndi kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Yachiwiri ndi GVM, kulemera konse kumene galimoto imaloledwa kufika itasenza anthu, mafuta ndi katundu. Yachitatu ndi kulemera kwa thirela imene ingakoke, ndipo imalembedwa pawiri, ya mabuleki ndi yopanda mabuleki. Ina ndi GCM, galimoto ndi thirela kuphatikiza. Pa magalimoto ochokera ku South Africa ndi ku UK mumawapeza pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa nsanamira ya chitseko kapena m'boneti, ndiponso m'buku la galimoto.

Chotsani nambala yoyamba pa yachiwiri. Tiyerekeze GVM ndi 2,100, galimoto payokha ndi 1,550. Mwatsala ndi 550. Bambo ndi mayi, 150. Ana atatu, 100. Azakhali amene sangatsale, 60. Tow bar, chitsulo chokokera thirela chomangidwa kumbuyo kwa galimoto, 20. Ndiye pali kulemera kumene lilime la thirela limapsinja pa mpira wokokera, komwe kuyenera kukhala pakati pa 7 ndi 10 peresenti ya thirela yonse, tinene 60. Zikwama, chakudya cha panjira ndi zida zatsala ndi malo a makilogalamu 160 basi. Galimoto ikhoza kukhala ndi nambala yokoka yokwera, koma n'kulemedwa ndi banja lokhalo thirela isanakolekedwe.

Opita kawirikawiri ndi makalavani ku UK amalangiza kuti woyamba kumene asakoke thirela yoposa 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Pa zitunda zathu ine ndimaona kuti n'kwabwino kutsika kwambiri pamenepo, ndipo ndimakonda galimoto imene nambala yake yokoka imaposa katundu wanu ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi.

Vuto ndi lakuti magalimoto ambiri amene timayendera ndi ochokera ku Japan, odzera ku doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe. Ku Japan si kawirikawiri galimoto ya banja kukoka thirela, ndiye buku lake, lomwenso ndi la m'Chijapani, silinena kanthu za kukoka. Chochita ndi ichi. Koperani zilembo zoyambirira za nambala ya chasisi, monga NT31 pa Nissan X-Trail, ACA31 pa Toyota RAV4 kapena TRJ150 pa Prado, mufufuze pa intaneti nambala yokoka ya galimoto ya injini yomweyo ndi giya yomweyo imene inagulitsidwa ku South Africa, UK kapena Australia. Samalani pa giya. RAV4 ya ACA31 ya ku Japan ili ndi CVT, mtundu wa otomatiki woyendera lamba, pomwe anzake a m'maiko ena anali ndi otomatiki wamba, choncho nambala yawo si yanu.

Sankhani thupi, giya ndi injini

Toyota Hilux, Fortuner ndi Prado, Ford Ranger, Isuzu D-Max ndi Nissan Navara zinamangidwa pa chasisi cha zitsulo ziwiri zikuluzikulu, ndipo tow bar imamangidwa pa chasisicho. Zambiri za dizilo mwa izi zimaloledwa kukoka pakati pa makilogalamu 2,500 ndi 3,500 ngati thirela ili ndi mabuleki, malinga ndi chaka ndi dziko limene zinagulitsidwa. X-Trail ndi RAV4 zilibe chasisi chapadera. Zimakoka ndithu thirela yaing'ono pa phula, ndipo tsiku ndi tsiku zimamwa mafuta pang'ono ndi kuyenda mofewa. Kwa banja lopita ku Chintheche ndi ku Kande, zimenezi n'zokwanira.

Sienta, Noah ndi Voxy timazikonda chifukwa cha mipando, koma zambiri zili ndi CVT, zili pafupi ndi pansi, ndipo zikadzaza anthu kumbuyo kumakhala kutagwada kale. CVT imayendetsa mphamvu ndi lamba wachitsulo wopanikizidwa pakati pa mapule, ndipo ikakoka katundu wolemera pachikweza chachitali mafuta ake amatentha, lambayo n'kuyamba kuterereka. Kukonza kwake nthawi zambiri ndi kugula giyabokosi ina. Ma hybrid ambiri akale, oyendera petulo ndi magetsi, nawonso opanga ake sanawalole kukoka chilichonse. Ngati muli kale ndi imodzi mwa izi, tengani tenti yopepuka mupite popanda thirela.

Manyuwo ndi otomatiki wamba zonse zimakoka. Manyuwo imakupatsani ulamuliro potsika, koma kilatchi imavutika ponyamuka pachikweza. Otomatiki imanyamuka mosavuta, koma imatentha, ndiye funsani ngati ili ndi choziziritsira mafuta a giya, ndipo ngati palibe, amakaniko atha kuikapo.

Pa 4x4 funsani funso limodzi: ili ndi low range? Imeneyi ndi giya yolembedwa 4L kapena L4, imene imachititsa galimoto kuyenda pang'onopang'ono ndi mphamvu zambiri. Ndiyo imakunyamutsani pachitunda cha matope thirela ili kumbuyo popanda kuwotcha kilatchi, ndiyonso imakutsitsani pamalo oterera popanda kuponda mabuleki. Magalimoto ambiri olembedwa 4WD kumbuyo alibe giya imeneyi. Wopita ku Nyika, Vwaza ndi Usisya asagule yopanda low range, ndipo pansi pa galimoto pakhale mpata wa mamilimita osachepera 200.

Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 aliwonse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Pamwamba pa Nyika, pomwe mbali yaikulu ili pa mamita oposa 2,000, gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu limakhala litapita. N'chifukwa chake Prado ya petulo ya 2.7, yomwe ndi yolimba ndithu ndipo sivutavuta, imapuma wefuwefu ikasenza banja ndi thirela. Dizilo ya turbo siimva kwambiri zimenezi, ndipo mphamvu yake imabwera injini isanalire mokweza. Koma madizilo atsopano safuna mafuta akuda kapena osakanikirana ndi madzi, ndipo mafuta akasowa anthu amagula a m'zigubu m'mbali mwa msewu. Ma injector ake, tizipangizo topopera mafuta mu injini, akawonongeka, mtengo wake umapweteka. Pa injini zakale, dizilo ya Toyota ya 1KZ ya 3.0 imadziwika ndi kung'aluka mutu ikatenthedwa, choncho wogula Prado kapena Surf yakale ayambe waona rediyeta. Injini za dizilo za Toyota za D-4D za 2.5 ndi 3.0 zili ndi timing belt, lamba wa m'kati mwa injini, yofunika kusinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo ngati wogulitsa alibe umboni kuti inasinthidwa, werengerani mtengo wake pokambirana.

Funsaninso kukula kwa thanki. Hilux imalowa malita 80. Prado 150 ya ku Japan imalowa 87, pomwe ya ku South Africa ya mathanki awiri imalowa malita 150. Kuchoka mu Mzuzu kukafika ku Chelinda ndi kubwerako ndi makilomita oposa 350 musanawerengere kuzungulira koona mbidzi ndi ntchefu, malo omaliza odalirika othirira mafuta ndi pa Rumphi, ndipo ndi thirela galimoto imamwa kwambiri kuposa masiku onse. Musadalire zigubu musanafunse, chifukwa MERA imaletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo.

Musanamalize gawo limeneli, pitani kwa amakaniko amene mumawakhulupirira muwafunse kuti, “Bambo, galimoto iyi ikafa, zipangizo zake zimapezeka muno kapena mpaka tiitanitse?” Galimoto yodikira pampu kuchokera kunja kwa miyezi iwiri si ya banja. Toyota imapambana pamenepa osati chifukwa sifa, koma chifukwa ngakhale pa Rumphi pali wina amene anaitsegulapo.

Ganizirani okhala m'katimo

Munthu aliyense akhale ndi mpando ndi lamba wake. Double cab imanyamula asanu, ndipo kumbuyo kwake si malo a ana, ngakhale pali kanope ndi matiresi. M'thirela simukwera munthu. Fortuner ndi Prado zili ndi mipando isanu ndi iwiri, koma mzere wachitatu ukatsegulidwa malo a zikwama amatha, ndipo okhala pamenepo amapsinja matayala akumbuyo omwe asenza kale lilime la thirela. Tengani banja lonse pokaona galimoto, aliyense akhale pamalo pake, amayi aone ngati angaiyendetse ndi kuiimika pa msika popanda mantha. Pa denga musaikepo zolemera. Madenga ambiri amaloledwa makilogalamu 75 mpaka 100, carrier yomwe, ndipo katundu wapamwamba amapendeketsa galimoto pakona.

Tow bar ndi matayala

Tow bar imangidwe ndi mabauti olimba, olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu, m'mabowo amene wopanga galimoto anaikiratu. Isawotcheredwe pa bampala. Tili ndi owotcherera aluso m'tauni muno, koma chitsulo chimenechi chimalandira kukoka ndi kukankha maulendo osawerengeka pa msewu wa mabampu, ndipo chikathyoka pamsewu wa ku Nkhata Bay thirela imapita yokha kwa oyenda pansi. Yopangidwira galimoto yanuyo, yokhala ndi kachitsulo kolembedwa kulemera kumene ingakoke, ndiyo yoyenera kugula.

Mpira wokokera wa kuno ndi wa mamilimita 50, ndipo chokolekera cha thirela chikhale cha muyeso womwewo. Galimoto itasenza, mpirawo ukhale mamilimita 350 mpaka 420 kuchokera pansi kuti thirela iyende yowongoka. Pakhale tcheni cholimba cholumikiza thirela ndi galimoto, ndi pulagi ya mano asanu ndi awiri ya magetsi.

Mabauti a matayala a Hilux ya 4x4, Fortuner, Prado, Ranger ndi D-Max ndi asanu ndi limodzi pa muyeso wofanana wa mamilimita 139.7. Mukapangitsa kapena kugula thirela ya muyeso womwewo ndi matayala a saizi imodzi ndi galimoto, sipeya imodzi itha kuthandiza mbali zonse, bola muyeseretu kunyumba kuti limu ikulowadi. Pa msewu wa fumbi sankhani matayala olembedwa LT, a m'mbali molimba. Tayala lililonse lili ndi manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Loposa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi musalikhulupirire ndi katundu, ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano. Magalimoto ena a ku Japan amabwera ndi matayala a m'nyengo ya chipale, olembedwa Studless, omwe ndi ofewa ndipo amatha msanga pa phula lotentha la kunyanja.

Kaiyeseni pamtsetse

Fikani m'mawa injini isanalizidwe, muione ikudzuka yozizira. Utsi wabuluu kapena woyera wosatha ndi chenjezo. Tsegulani chotsekera cha oilo muone ngati pali zoyera ngati phala, zomwe zimasonyeza kuti madzi akulowa mu injini. M'rediyeta mukhale coolant ya mtundu wake, osati madzi a dzimbiri. Mafuta a otomatiki asanunkhe kupserera. Gonani pansi ndi tochi muone chasisi, makamaka kumbuyo komwe tow bar idzamangidwe, chifukwa magalimoto a ku UK ndi a kumadera ozizira a Japan amadyedwa ndi mchere umene amathira m'misewu. Lowetsani 4H, yomwe ndi 4x4 wamba, ndi 4L pa msewu wa fumbi mumve ngati zikugwira. Pa phula louma musayese 4x4 ya mtundu wa Hilux, imapanikiza magiya.

Kenako pemphani kuyenda nayo, ndipo ngati ili kale ndi tow bar, bwerekani thirela muikemo matumba a mchenga. Wogulitsa wokana ulendo wa ola limodzi wakuuzani kanthu. Tsikani nayo msewu wa ku Nkhata Bay makilomita angapo n'kubwerera. Pokwera, diso likhale pa singano ya kutentha, yomwe siyenera kusuntha pamalo ake. Potsika, lowetsani giya yachiwiri kapena yachitatu, pa otomatiki 2 kapena L, muone ngati injini ikugwira galimoto yokha.

Amene anakulira kwa ngolo amadziwa kuti pamtsetse ngolo ndiyo imakankha ng'ombe. Thirela yopanda mabuleki imachita chimodzimodzi: kulemera kwake konse kumathera pa mabuleki a galimoto. Mukamawaponda osalekeza amatentha, mapadi amasiya kuluma, ndipo mafuta a mabuleki, omwe amayamwa chinyontho akakhalitsa, amawira, phazi n'kulowa mpaka pansi popanda chogwira. Mzuzu ndi wa chinyontho, choncho sinthani mafutawa zaka ziwiri zilizonse, ndipo pa galimoto yongogula kumene asintheni nthawi yomweyo pamodzi ndi mapadi. Potsika pa Chiweta lowetsani giya yotsika musanayambe mtsetse, pondani mabuleki mwamphamvu pang'ono n'kusiya, osati kuwakhalira. Ine ndingakonde banja ligule galimoto yotsikirako mtengo n'kuika ndalama yotsalayo pa thirela ya mabuleki, ngakhale katundu wawo sakufika 750.

Mapepala

Nambala ya chasisi ya pa galimoto ifanane ndi ya pa blue book, ndipo kusintha umwini kuchitike ku ofesi ya Road Traffic inu ndi wogulitsa muli pomwepo, ndalama yonse isanaperekedwe. Ya kunja ikhale ndi mapepala a MRA. Ngati mukuitanitsa nokha, kumbukirani kuti msonkho umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye funsani a MRA musanatumize ndalama. Thirela nayo ndi galimoto pamaso pa lamulo: ilembetsedwe, ikhale ndi nambala yake, magetsi oyaka ndi zonyezimira kumbuyo, ndipo a inshuwalansi adziwe kuti mumakoka. Malaisensi athu amatsata makodi a SADC, momwe code B imalola thirela yosaposa makilogalamu 750, yoposa apo imafuna EB. Fotokozani thirela yanu ku Road Traffic akuuzeni chimene chikukukhudzani, m'malo mokamvera pa rodibuloko ya pa Dunduzu ana ali m'galimoto.

Ulendo woyamba

Musayambire ku Nyika. Loweruka lina pitani pa bwalo la mpira lopanda anthu muphunzire kubwerera m'mbuyo. Gwirani chiwongolero cha m'munsi, ndipo kumene dzanja lanu lalowera ndi kumene thirela ilowere. Pindani pang'onopang'ono, ndipo ikayamba kukhota mopitirira, pitani kutsogolo muyambirenso.

Polongedza, zolemera monga madzi ndi makala zikhale pansi, pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono, ndipo zimangidwe ndi zingwe. Thirela yolemera kumbuyo imayamba kugwedezeka uku ndi uku liwiro likakwera. Zikatero musaponde mabuleki mwadzidzidzi ndipo musalimbane nayo ndi chiwongolero, ingochotsani phazi pa moto mpaka ikhazikike, kenako imani musunthe katundu. Pa phula musapitirire makilomita 80 pa ola, ndipo siyani mpata waukulu pakati pa inu ndi wakutsogolo, makamaka minibasi, yomwe imaima paliponse.

Ulendo woyamba ukhale wa usiku umodzi ku Chintheche kapena ku Kande. Nyamulani jeke yokwanira thirela, sipanala ya manati ake, pampu ya matayala, chingwe chokokera, fosholo, mafyuzi, ndi mabering'i a sipeya a thirela pamodzi ndi girisi, chifukwa mabering'i ndiwo amaimitsa mathirela ambiri panjira. Mukayenda makilomita 15 kapena 20, imani pamalo otakasuka. Onani ngati chokolekera chili chotsekeka, tcheni ndi pulagi zili m'malo, zingwe sizinamasuke, ndipo mangitsaninso manati a matayala. Kenako yandikizani dzanja pakati pa tayala lililonse la thirela. Kufunda pang'ono n'kwabwinobwino. Mbali imodzi ikatentha moti simungagwire, bering'i ikudya, ndipo muikonzeretu pomwepo musanayambe kutsika.